Funani pepala limene likukutsutsani

Ana anga, inu amene mukuphunzira unamwino, uzamba, udokotala ndi za mankhwala, khalani pansi pang'ono tikambe. Ine ndakalambira pakati pa mashelefu a laibulale ya sukulu ya zaumoyo, ndipo pali chizolowezi chimodzi mwa inu chimene chikundisowetsa mtendere. Aphunzitsi akakupatsani ntchito, kapena funso likabuka mu wodi, mumasolola foni, n'kulemba chiganizo chonse monga mmene chilili m'mutu mwanu, n'kutola mapepala asanu oyamba kutulukira. Mukaona limodzi likuvomereza zimene munali kuganiza kale, mumapuma n'kunena kuti mwafufuza. Simunafufuze ayi. Mwangodzipezera mboni yokuikirani kumbuyo. Munthu wodziwa ntchitoyi amakonza kafunidwe kake m'njira yoti ngati kwinakwake kuli pepala lomutsutsa, pepala limenelo lisamuphonye.

Musayese kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Mu 2001, ku yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, mtsikana wa zaka 24, wosadwala kalikonse, anadzipereka pa kafukufuku wa matenda a mphumu. Anamupumitsa mankhwala otchedwa hexamethonium. Posakhalitsa anayamba kutsokomola, mapapo ake anawonongeka, ndipo patatha pafupifupi mwezi umodzi anamwalira. Atalondola chimene chinachitika, anapeza kuti m'zaka za m'ma 1950 madokotala anali atalemba kale kuti mankhwalawa amawononga mapapo. Wochita kafukufukuyo anali atayang'ana mu PubMed, koma nthawi imeneyo PubMed sinkabwerera m'mbuyo kupyola zaka za m'ma 1960. Chenjezolo linali m'magazini akale, likungodikira munthu woti akawatsegule. Wochita kafukufukuyo sanali wophunzira wa chaka choyamba. Anali katswiri, pa sukulu yotchuka dziko lonse.

Yambani ndi kudziwa chimene mukutsegula. PubMed si Google. Ndi nkhokwe ya National Library of Medicine, laibulale ya boma la America imene ili ku Bethesda, ndipo kuyambira 1997 aliyense amalowamo ulere. Lero muli mitu ya mapepala opitirira 35 miliyoni. Koma mapepalawo simuli athunthu. Muli mutu, mayina a olemba, chidule cha zimene anapeza, ndi mawu ochepa osonyeza nkhani imene pepalalo likukamba. Mukalemba mawu m'kabokosi kaja, kompyuta imayang'ana m'zimenezi basi, siwerenga pepala lonse. Kholo la nkhokweyi ndi Index Medicus, mndandanda umene John Shaw Billings anayamba kusindikiza mu 1879 ndipo unasiya kutuluka mu 2004. Ife tinayamba ntchito tikunyamula mabuku amenewo, ndipo ankatifika nkhani zake zitazizira kale. Kenaka kunabwera ma CD. Masiku amenewo sindiwalakalaka. Komabe kuvuta kwake kunkamukakamiza munthu kuganiza asanayambe, poti ukasankha mutu wolakwika tsiku lako lonse lapita. Inu chikukupusitsani ndi liwiro. Kompyuta sikaniza, chilichonse mungalembe ikupatsani kenakake.

Titenge funso lenileni, lakwathu konkuno. Lipoti la World Health Organization la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane, ana 18 mwa 100 alionse. Tinene kuti mukugwira ntchito pa chipatala cha paboma. Kwafika mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, matenda amuyamba. Munamva kuti jakisoni wa dexamethasone amakhwimitsa mapapo a mwana ali m'mimba. Mukafunsa kuti "kodi dexamethasone ndi wabwino?" palibe nkhokwe ingakuyankheni. Ligaweni funsolo. Tikunena za ndani? Amayi amene atsala pang'ono kuchira masiku asanakwane. Apatsidwe chiyani? Jakisoni ameneyu. Poyerekeza ndi chiyani? Ndi kusawapatsa. Tikufuna kuona chiyani pamapeto? Ngati khanda lipulumuka masiku 28 oyamba, komanso ngati mayi sadwala nazo. Aphunzitsi anu amatcha kagawidwe aka PICO. Ine ndimawonjezera funso lachisanu: izi zikuchitikira kuti? Muona posachedwa chifukwa chake. Zonsezi lembani pa pepala ndi bolopeni kompyuta ili chizimire. Bandulo yanu isathere pa kuganiza.

Sikuti zigawo zonsezo zilowe m'kabokosi. Kawirikawiri ziwiri zimakwana, ndani ndi chiyani. Zotsatira musafulumire kuziikamo, chifukwa olemba ambiri satchula zonse zimene anayeza m'chidule chawo, makamaka zimene sizinawayendere bwino.

Tsopano mawu. Nkhokwezi zimamva Chingerezi, koma Chingerezi cha anthu osiyanasiyana. Wa ku London amalemba labour, anaemia, paediatric, pamene wa ku Boston amalemba labor, anemia, pediatric. Chimene ife timati paracetamol ku America amati acetaminophen, ndipo adrenaline kwawo ndi epinephrine. Likodzo ena amalemba bilharzia, ena schistosomiasis. Pa funso lathuli, pansi pa gawo loyamba ndandalikani preterm, premature, prematurity. Pansi pa lachiwiri ikani corticosteroids, steroids, glucocorticoids, dexamethasone, betamethasone. Mukasowa mawu, tsegulani mapepala awiri kapena atatu abwino amene mukuwadziwa kale, muone mmene eni ake analembera.

Eni nkhokwe anauona kalekale mpwirikiti umenewu, n'chifukwa chake kuyambira 1960 amasunga mndandanda wa mitu yovomerezeka wotchedwa MeSH, umene lero uli ndi mitu pafupifupi 30,000. Pepala lililonse lolowa mu MEDLINE, lomwe ndi gawo lalikulu la PubMed, limapatsidwa mitu imeneyi mosayang'ana kuti wolemba anakonda mawu ati. Khansa zonse zili pansi pa Neoplasms. Kubereka masiku asanakwane ndi Premature Birth. Mitu ikuluikulu ili ndi ing'onoing'ono pansi pake, ndipo mukasankha waukulu PubMed imatengera limodzi ndi ya pansiyo. Mukaitana Africa South of the Sahara mwaitana Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi anzawo onse nthawi imodzi. Koma MeSH yokha musaidalire. Pepala longotuluka kumene limakhala lisanapatsidwe mitu, ena mu PubMed sapatsidwa n'komwe, ndipo kuyambira 2022 mituyi imaikidwa ndi makina, anthu n'kumangoonako ena. Choncho pa gawo lililonse phatikizani ziwiri, mutu wa MeSH ndi mawu anu aja.

Chenjerani ndi zidule za mu wodi. Tonse timati LA, ndipo mayi aliyense kumudzi amamudziwa, koma PubMed simudziwa. Lembani artemether-lumefantrine, muwonjezere Coartem. Mukafuna zolembedwa za alangizi a zaumoyo n'kulemba HSA, mudzalandira mulu wa mapepala onena za puloteni ya m'magazi, chifukwa kwa anthu a mu labu HSA ndi human serum albumin. Mutu wake weniweni ndi Community Health Workers. ART kwa ife ndi ma ARV, koma kwa ena ndi njira zothandizira mabanja osabereka. Amene ife timati clinical officer kwina amalembedwa non-physician clinician, associate clinician kapena physician assistant, ndipo ku Mozambique amene amachita maopaleshoni amatchedwa técnico de cirurgia. Mukalemba dzina limodzi lokha mudzaganiza kuti palibe analembapo za iwo.

Polumikiza mawuwa pali zida zitatu, AND, OR ndi NOT, zolembedwa ndi zilembo zazikulu. OR amamanga pamodzi mawu ofanana tanthauzo, ndipo mulu umakula. AND amaima pakati pa zigawo zosiyana, ndipo mulu umachepa, chifukwa pepala liyenera kukhala ndi zonse ziwiri. Ambiri a inu mumazitembenuza, poganiza kuti AND amawonjezera. Njira yosasokoneza ndi iyi: funani gawo loyamba palokha, funani lachiwiri palokha, kenaka pitani pa tsamba la Advanced, pamene PubMed imasunga zonse zimene mwafuna, mukazilumikize ndi AND. Mukaumirira kulemba zonse pa mzere umodzi, gulu lililonse la OR mulitsekere m'mabulaketi, apo ayi kompyuta ingowerenga kuyambira kumanzere n'kukupatsani zimene simunapemphe. Kanyenyezi kamagwira mathero onse a liwu: prematur* amatenga premature ndi prematurity yemwe. Dziwani kuti mukaika kanyenyezi, PubMed imasiya kukufunirani yokha mutu wa MeSH wa liwu limenelo.

NOT ndiye muopeni. Mwana wina, pofuna kuchotsa za makoswe, amalemba NOT animals. Sadziwa kuti kwa MeSH udzudzu ndi nyama. Pepala labwino limene linayeza masikito pa anthu ndi kuwerenga udzudzu m'nyumba zawo lapita nawo limodzi, ndipo palibe chimuuze kuti lapita. Mukatha kufuna kulikonse, tsegulani Details pa tsamba lomwe lija la Advanced muone mmene kompyuta yamvera mawu anu. Nthawi zina mudzadabwa.

Mumandifunsa kawirikawiri kuti mapepala okwana ndi angati. Zili ngati khoka la kunyanja. La maso aakulu limatulutsa chambo chokhachokha, ntchito yosankha n'kuchepa, koma nsomba zambiri zimapyola. La maso aang'ono limakokera zonse kumtunda, ndi zinyalala zomwe, ndipo mukhala pansi nthawi yaitali mukusankha. Mukakhala mu wodi wodwala akudikira, ponyani la maso aakulu: funani ndondomeko ya unduna, kapena systematic review, imene ndi ntchito ya anthu amene anasonkhanitsa kale akafukufuku onse a pa funso limodzi n'kuwasanthula. Mukakhala mukulemba pepala la digiri, ndiye la maso aang'ono, ndipo mitu ikatuluka 2,000 musadandaule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali muyeso umodzi wosanama: mapepala abwino aja munali kuwadziwa kale, kodi atuluka? Ngati limodzi lasowa, fufuzani kuti lasowa chifukwa cha liwu liti, chifukwa anzake amene simuwadziwa athawira pa chiboo chomwecho.

Tiyeni tione tsopano chimene munthu amapeza akafuna bwino pa funso la jakisoni uja.

Mu 1972, ku Auckland m'dziko la New Zealand, Graham Liggins ndi Ross Howie anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti mayi akabayidwa mankhwala a mtundu umenewu asanachire, makanda ovutika kupuma amachepa, akufanso amachepa. Ena anayesanso, koma akafukufuku awo anali aang'onoang'ono, wina akuvomera, wina osaoneka mbali, ndipo madokotala ambiri sanasinthe kachitidwe kawo. Cha m'ma 1990, Patricia Crowley anawasonkhanitsa onse n'kuwawerengera pamodzi, ndipo phindu linaonekera poyera. Chithunzi cha zotsatira zimenezo ndicho chizindikiro cha bungwe la Cochrane, limene linakhazikitsidwa mu 1993. Ana ambiri anafa m'zaka za pakatizo, osati chifukwa umboni kunalibe, koma chifukwa unali womwazika.

Munthu wothamanga aimira pomwepa. Wapeza dzina lalikulu, wapeza yankho lokoma, ndipo alemba kuti jakisoni ameneyu aperekedwe paliponse, ngakhale pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Koma akafukufuku oyambawo anachitikira m'zipatala za mayiko olemera, zokhala ndi makina a sikani ndi zipinda zosamalira makanda. Mu 2015 magazini ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wamkulu wochokera ku Argentina, Guatemala, India, Kenya, Pakistan ndi Zambia, wokhudza amayi pafupifupi 100,000. M'madera ena ogwira ntchito zaumoyo anaphunzitsidwa kuzindikira amayi amene angachire msanga n'kuwabaya dexamethasone, m'madera ena zinthu zinasiyidwa monga mwa masiku onse. Zotsatira zinadzidzimutsa aliyense. Makanda aang'ono kwambiri sanapindule. Mwa makanda onse pamodzi, akufa anali pafupifupi 27 mwa 1,000 kumene jakisoni analimbikitsidwa, ndi 24 mwa 1,000 kwinako. Amayi oganiziridwa kuti alowedwa tizilombo anachulukanso. Ambiri mwa obayidwawo sanabereke makanda aang'ono n'komwe, chifukwa kudziwa msinkhu wa mimba popanda sikani n'kovuta.

Wina wothamanga aimira apa, n'kulemba kuti jakisoniyu ndi woopsa ku Africa. Nayenso walakwa. Mu 2020 New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa World Health Organization wa amayi 2,852 m'zipatala 29 za ku Bangladesh, India, Kenya, Nigeria ndi Pakistan. Ulendo uno msinkhu wa mimba unatsimikizidwa ndi sikani, ndipo zipatalazo zinali ndi okosijeni ndi zida zothandizira khanda kupuma. Makanda akufa anali 19.6 pa 100 alionse kwa amayi opatsidwa dexamethasone, ndi 23.5 kwa osapatsidwa, ndipo matenda mwa amayi sanachuluke. Ndiye yankho si "inde" kapena "ayi". Yankho ndi mafunso okhudza chipatala chanu. Kodi mungathe kudziwa bwino masabata a mimbayo? Kodi mayiyu achiradi posachedwa? Alibe zizindikiro za tizilombo m'thupi? Khanda likabadwa, muli ndi zolisamalira? Ndondomeko za World Health Organization zimafunsa zomwezi. Kuti mufike pamenepa munayenera kupeza nkhani zonse zitatu, ndipo yachiwiri ija, yokhumudwitsa ija, ndiyo imene munthu wofuna mboni sakanaiyang'ana.

Taonaninso ichi. Mukanawonjezera AND Malawi, monga ambiri a inu mumachitira pofuna kuchepetsa mulu, kafukufuku wa 2015 ndi wa 2020 yemwe sakanatuluka, pakuti onsewo sanachitikire kuno. Mukanabwera kwa ine n'kudzati palibe zolembedwa. Thupi la mayi wa ku Chipata silisiyana ndi la mayi wa ku Mchinji. Dzina la dziko liikeni pokhapokha funso lenilenilo likukhudza dzikolo, monga kuchuluka kwa matenda, miyambo, kapena kayendetsedwe ka zipatala. Ndipo pofuna zakale kumbukirani Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Timabokosi tosefera ta m'mbali muja tilinso ndi misampha yake. Mukadinda Humans kapena misinkhu ya anthu, PubMed imadalira mitu ya MeSH, choncho mapepala atsopano amene sanapatsidwe mitu amatayika mwakachetechete. Mukadinda zaka zisanu zapitazi, kumbukirani mtsikana wa ku Baltimore. Koma kamene kamandiwawa kwambiri ndi Free full text. Ndikudziwa chifukwa chake mumakadinda, ndalama palibe. Komatu mukatero mwalola kuti mtengo wa pepala ndiwo usankhe chimene mudziwe. Funani kaye zonse, musankhe zofunika, kenaka muganize za kapezedwe kake. Njira zilipo. Kuyambira 2002 World Health Organization ili ndi ndondomeko ya Hinari, imene lero ili pansi pa Research4Life, ndipo sukulu ndi zipatala za ku Malawi zikalembetsa zimawerenga magazini masauzande ambiri ulere. Nambala yachinsinsi yolowera imakhala ndi woyang'anira laibulale, ndipo pali ophunzira amene amatsiriza sukulu osadziwa kuti iliko. Mapepala ambiri ali aulere mu PubMed Central. Zikakanika, lemberani wolemba pepalalo kalata yaulemu ya mizere itatu. Ambiri amasangalala kumva kuti wina ku Zomba kapena ku Katete akufuna kuwerenga ntchito yawo.

Nkhokwe imodzi sikwana. MEDLINE imatenga magazini pafupifupi 5,200, ndipo a ku Africa ndi ochepa. Malawi Medical Journal ili mu PubMed, tithokoze, koma ambiri a mayiko athu mukawapeza pa African Journals Online, imene inayamba mu 1998, kapena mu African Index Medicus ya ofesi ya World Health Organization ya ku Brazzaville. Anamwino ndi azamba, yanu ndi CINAHL. A zamankhwala, Embase ili ndi zambiri zimene PubMed ilibe, ngakhale ndi yolipira. Pa funso lililonse la chithandizo yambani mwasuzumira mu Cochrane Library. Google Scholar, imene inabwera mu 2004, sindiikana. Imathandiza kupeza mapepala a digiri ndi malipoti, ndipo Cited by wake amakuonetsani amene anabwera pambuyo n'kutchula pepala lanu labwino lija, kuphatikizapo olitsutsa. Koma ilibe MeSH, siionetsa zopitirira 1,000, ndipo eni ake sanena poyera zimene imatenga ndi zimene imasiya. Ikhale yothandizira, osati maziko.

Zambiri zakwathu sizili m'magazini iliyonse. Zili mu Malawi Demographic and Health Survey, imene National Statistical Office ya ku Zomba yakhala ikuchita kuyambira 1992. Zili m'malipoti a unduna wa zaumoyo, ndi m'mapepala a digiri a akulu anu amene anadutsa ku College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, sukulu zimene mu 2021 zinaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Za ku Mozambique zina zili m'Chipwitikizi. Zimenezi zimafuna miyendo ndi pakamwa.

Palinso zimene zinachitika koma sizinasindikizidwe. Mu 2008 Erick Turner ndi anzake anayang'ana akafukufuku 74 a mankhwala a matenda ovutika maganizo amene anaperekedwa ku bungwe loona za mankhwala ku America. Mwa 38 amene anasonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito, 37 anasindikizidwa. Mwa 36 otsalawo, 22 sanasindikizidwe konse, ndipo 11 analembedwa mokometsera ngati zinayenda. Munthu wowerenga magazini okha akanati pafupifupi onse anapambana. N'chifukwa chake pali makaundula olembetsamo kafukufuku asanayambe: ClinicalTrials.gov, imene inatsegulidwa mu 2000, ndi Pan African Clinical Trials Registry ya ku Cape Town. Mukaona kafukufuku amene analembetsedwa, anatha kalekale, koma zotsatira zake sizikuoneka paliponse, lembani zimenezo m'pepala lanu. Nawonso ndi umboni.

Kupezeka mu nkhokwe sikusandutsa pepala kukhala loona. Lija la Andrew Wakefield la mu 1998, lonena za ana 12, limene linachititsa makolo ambiri kuopa katemera wa chikuku, The Lancet inalikana mu 2010, koma likadali mu PubMed, ndi chenjezo pamwamba pake lakuti linabwezedwa. Werengani chenjezo limenelo. Kulinso magazini ongofuna ndalama za olemba, osaunika kanthu. Mu 2013 mtolankhani wa magazini ya Science, John Bohannon, anapeka pepala lodzaza dala ndi zolakwa n'kulitumiza ku magazini 304, ndipo 157 analivomera. Mayina a olemba ndi a sukulu zawo anawapeka kuti amveke a ku Africa, zimene sizinandikomere, koma phunzirolo ndi loona. Magazini imene simunaimvepo, yolonjeza kusindikiza m'sabata imodzi, iyang'aneni kaye ngati ili mu MEDLINE kapena mu Directory of Open Access Journals.

Inu okonda za zitsamba, funani ndi dzina la Chilatini: chammwamba ndi Moringa oleifera, nimu ndi Azadirachta indica, mlambe ndi Adansonia digitata. Mudzapeza mapepala mazanamazana. Musanathamangire kukauza azakhali anu a matenda a shuga kuti asiye mapiritsi, werengani kuti anayesa pa ndani. Ochuluka ndi a m'mbale za mu labu ndi a makoswe.

Za makina oyankha mafunso, monga ChatGPT imene inatuluka mu 2022, ndinene mwachidule. Angakuthandizeni kukumbuka mawu ofanana tanthauzo. Koma amatha kupeka pepala lonse, mutu, olemba, magazini ndi chaka, zonse zomveka bwino, pepalalo kulibe. Chilichonse akupatsani kachifuneni mu PubMed. Pepala lenileni la m'menemo lili ndi nambala yake, PMID, ndipo mulitsegule muone ngati likunenadi zimene makinawo akuti likunena.

Khalani ndi kope la ntchito imeneyi yokha. Nthawi iliyonse mwafuna, lembani tsiku, nkhokwe, mawu enieni monga munawalembera, timabokosi timene munadinda, ndi chiwerengero cha zimene zatuluka. Magetsi akathima kapena netiweki ikagwa, simudzayambanso pachiyambi. A komiti younika kafukufuku, kaya ndi COMREC kaya ndi National Health Sciences Research Committee, akadzafunsa kuti mwadziwa bwanji kuti ntchitoyi sinachitikepo, mudzatsegula kopelo. Ndondomeko ya PRISMA, imene magazini amafuna kwa aliyense wolemba systematic review, imapempha zomwezi. Mapepala amene mwasankha asungeni mu Zotero, pulogalamu yaulere imene imakukonzeraninso mndandanda wa mabuku ndi kukuchenjezani pepala likabwezedwa. Ndipo kafunidwe kanu musanakakhulupirire, kaonetseni kwa woyang'anira laibulale. Safunsa anadya phula. Anthu amenewa sanaphunzire kudinda masitampa okha, ndipo liwu limene inu mungalisowe sabata yathunthu iwo amaliona pa kapu imodzi ya tiyi.

Tsiku lija ndati mulembe ndi lofunika, chifukwa mayankho amakalamba. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar. Mu 2007 tinasiyanso Fansidar n'kutenga LA. Pakati pomwepo, mu 2006, kafukufuku wa ku Blantyre anasonyeza kuti chloroquine, atapumitsidwa zaka zoposa khumi, anali atayambanso kuchiza pafupifupi ana onse amene anapatsidwa. Amene anafuna kamodzi ali pa sukulu n'kukhazikika pomwepo akuchiza malungo a chaka china. Tsegulani akaunti yaulere ya My NCBI, musunge kafunidwe kanu, muiuze PubMed kuti izikutumizirani zatsopano mwezi uliwonse.

Chotsiriza n'chakuti mukapeza pepala losemphana ndi ndondomeko ya unduna, musakasinthe mankhwala a wodwala panokha usiku muli pa ntchito. Kafukufuku uja wa 2006 sanabwezeretse chloroquine m'zipatala, chifukwa m'mayiko oyandikana nafe tizilombo tosamva mankhwalawo tinali tikadalipo, ndipo udzudzu ndi anthu amadutsa malire tsiku lililonse. Lisindikizeni pepalalo, mutenge ndi kope lanu lija, mupite nazo ku msonkhano wa m'mawa. Muwauze akulu anu funso limene munali nalo, kumene munafuna, mawu amene munalemba, mapepala amene akuvomereza ndi amene akutsutsa, ndi mmene chipatala chanu chikufananira kapena kusiyana ndi kumene kafukufukuyo anachitikira. Akakufunsani funso limene simunalifune, lilembeni m'kopemo, mukalifune madzulo.